Atate Akufuna Waya Wawo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife kuno ku Mindolo tilipo, koma atate sakutulukanso m'nyumba.

Kachipangizo ka GPS kopanda waya kamene munawatumizira kanatha batire Lamlungu akuchokera kutchalitchi. Foni inangoti zii, osawauzanso njira. Kakale kaja ankagwira waya wake n'kudziwa kuti kalumikizika ku foni, nanga aka munthu wosaona adziwa bwanji? Tinawapeza madzulo ataima ndi ndodo yawo pafupi ndi mgodi womwe unawachititsa khungu uja.

Chonde titumizireni kena kokhala ndi waya, ngakhale kamakola m'zitseko za minibasi. Dzulo ndinawaona ali pampando, akupapasa pachifuwa pamene pankadutsa waya uja.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tamara