Mpata pa Biyo la Amalume

Amayi, kodi kumene mulikoko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo, mitu ndi miyendo n'zosadandaulitsa. Chondivuta ine chili pamtima, ndipo ndiyamba ndi chomwecho kuti ndichitule msanga.

Sadaka yanu inachitika Lachinayi lapitali kwa amalume, mlongo wanu Che Bwanali, ndipo ine kunalibe. Ngati munayang'ana pamphasa ya amuna osandiona, musati Amidu wandiiwala. Sanandiuze, Amayi. Ndinadziwira panjira, nditakumana ndi amayi a kutsidya akubwerera ndi mpunga wokulunga m'masamba a nthochi. Nditawafunsa kumene kunali phwando anayang'anana, mmodzi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Iii, Che Amidu, ife timayesa mukudziwa." Ndinakhala pansi m'mbali mwa njira mpaka iwo atapita.

Zabwino ziliponso, ndisakubisireni. Mwana wanu Asiyatu anachira bwino, anatipatsa mwana wamkazi, wamphumi yotakata ngati yanu ndi kukamwa kosatopa. Mpunga wa kudimba kwanu unachita bwino chaka chino ngakhale mbalame zinatisautsa. Denga la nyumba yanu ndinafolera, koma uko kumbuyo kukudonthabe. Mukanakhalapo mukanati manja olemba sadziwa udzu.

Zolembazo ndiye zandifikitsa pano. Mutangotisiya, a ku boma anafuna munthu wodziwa kulemba ndi kupalasa bwato yemwe, woti aziyendera madooko a kuno ku nyanja ya Chiuta ndi mitsinje yake. Zilembo zija ndinatola ku Balaka ndikusenza katundu pa siteshoni, zija munkati zingonditupitsa mutu, zinandipezera kabudula wa kaki ndi chipewa. Anthu sanachedwe kundipatsa dzina. Akuti ndine kapitawo wa malimidwe a m'madzi, posachedwa ndilamula matemba kuti aziyenda m'mizere. Poyamba ndinkaseka nawo.

Lamulo limene anandipatsa kuti ndiziyenda nalo ndi lalifupi. Aliyense womanga biyo, mpanda uja wa bango wodutsa mtsinje, azisiya mpata woti nsomba zokwera kukaswa zizidutsapo. Nditalimva ndinadabwa, chifukwa si lachilendo. Munkandiuza nokha kuti bambo anu pomanga biyo ankasiya polowa bwato, amvekere mtsinje si nkhokwe ya munthu mmodzi. Ndipo inu mukatumbula mlamba n'kupeza mazira, munkaima kaye ndi mpeni m'manja n'kuti, "Pepa, mayi mnzanga." Ife ana tinkakusekani. Ndinaganiza kuti ntchito imeneyi ndi yopepuka, yongokumbutsa anthu za kwawo. Sindinadziwe kuti mawu omwewo akatulukira m'kamwa mwa boma amasanduka ena.

Komanso nyanja si ija munaisiya. Amalonda a njinga sakuleka kubwera ndi madengu awo, ndipo nsomba youma iliyonse ikukwera sitima ku Balaka kupita ku minda ya tiyi. Mabiyo tsopano akutseka mtsinje kuchoka gombe ili kufika linalo, osasiya ngakhale polowa dzanja. Matemba aja ankadzaza bwato mpaka mwini wake kusowa poika mapazi, lero akungophimba pansi. Asodzi akudandaula okha padooko, koma ukati nanga tichitenji, aliyense amayang'ana mnzake.

Mvula yoyamba itagwa, mtsinje wa Lifune unadzaza, milamba n'kuyamba kukwera. Biyo lalikulu pa mtsinje wonsewo linali la amalume. Ndinapita kwawo nditavula chipewa, nditavala nsalu ngati kale, ndinakhala pansi.

"Amalume, ndapota nanu, tsegulani pang'ono pokha. Ena onse akuyang'ana kwa inu."

"Wabwera ngati mphwanga kapena ngati boma?"

"Ngati mphwanu."

"Ndiye mphwanga amve izi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikatsegula ine, nsombazo zikakodwa pa biyo la wina kumtunda, ine n'kutsala ndi madzi. Mbumba yonseyi idya mpata?"

Ndinawakumbutsa za agogo. Apo ndiye ndinawaputa. "Bambo anga ankatsegula okha, iwe, sankatumidwa ndi mzungu. Iyayi! Akafuna Bwana Disi adzatsegule yekha ndi manja ake."

Amayi, mlongo wanu sananame zonse, ndipo n'chimene chimandipweteka. Koma ndikanalekerera biyo lawo, ndikanapita ndi nkhope yanji kwa enawo? Akanati lamulo limaopa kwa eni ake. Munkandinena kuti ndinatengera liuma la kuchimuna. Kaya ndi liuma kaya n'chiyani, m'mawa mwake ndinatenga chikwanje, dzuwa lili poyera, anthu akuona, ndinalowa m'madzi n'kudula bango pakati pa biyo, polowa bwato basi. Miono yawo sindinaikhudze. Milamba inali itaunjikana pampandapo, ndipo itapeza njira inandiwomba m'miyendo ikudutsa, mimba zili tuu.

Amalume anali chiimire pagombe. Sanakalipe. Anangoti, "Mlongo wanga anasiya mwana mmodzi, wamkazi," n'kutembenuka. Mabiyo a kumtunda ndinawatsegulanso onse, ena eni ake anatsegula okha atamva kuti sindinasiye ngakhale la kwathu. Palibe amene anandiyamika, ndipo sindinayembekezere.

Kuyambira pamenepo mudzi unandizizirira. Ku mzikiti amandisiyira malo aakulu, oti n'kukhalapo anthu atatu. Padooko nkhani zimatha ndikangokocheza. Mpongozi wanu, mkazi wanga Abiti Saidi, anapirira kwa kanthawi, koma kuchitsime anzake ankatunga mwakachetechete mpaka iye achoke. Anati akaone amayi ake kwa Mposa, ndipo mpaka lero akuwaonabe. Sindimuimba mlandu. Asiyatu amandibweretsera mwana mozemba kuti ndimunyamule, maso ali kunjira, chifukwa iye ndi ana ake ali m'manja mwa amalume. Za sadaka anamuletsa kundiuza. Anabwera mawa lake akulira, ine n'kukhala womutonthoza. Ndimaphika ndekha, ndimadya ndekha, ndipo masiku ena ndimazindikira madzulo kuti sindinatsegule pakamwa chiyambire m'mawa. Ndasungulumwa, Amayi. Ndakusowani kuposa tsiku limene tinakuikani.

Pali chimene ndinaona chimene sindinauzepo munthu. Madzi atayamba kuphwa, ndinaima pa mpata uja ndikuyendera mtsinje. Pansi panali bii, ndinayesa ndi zinyalala. Poyang'anitsitsa ndinaona kuti ndi tiana ta nsomba, tochepa kuposa chala, tikutsikira ku nyanja mosadukiza. Ndinasangalala ngati mwana, ndinatembenuka kuti ndiitane wina adzaone. Kugombe kunalibe munthu. Kaya tidzakula kaya tidzathera m'makoka a maso ang'onoang'ono, sindidziwa. Kaya chaka chamawa asodzi adzaona kusintha, sindidziwanso. Ndinangoti ndikuuzeni inu, poti ndinu nokha amene simukanandiseka.

Mpunga umene ndinapatula pokolola kuti ukhale wa sadaka yanu ukadali m'nyumba, sindinaukhudze. Ndaganiza kuti Lachinayi likudzali ndiuphika ndekha, mmene ndingathere. Ndakapempha a shehe kuti adzawerenge duwa, pemphero lija lopempherera omwalira. Anandiyankha kuti, "Za mabiyo sindizidziwa, koma mayi ako ndinkawadziwa. Ndibwera." Ndikayala mphasa pabwalo panu. Akabwera a m'mudzi, adye. Akapanda kubwera, ndikaitana apaulendo ndi amalonda a njinga omwewo, ngakhale ndi amene atisokonezera nyanja, poti njala ilibe mlandu. Mbale yoyamba ndikanyamula ndekha kupita nayo kwa amalume, ndipo ndikaima pakhomo pawo n'kuodira. Akandibweza, ndibwerera nayo, koma adzakhala atandiona.

Ndikulonjezani ziwiri, Amayi. Mpata uja sinditseka, ngakhale atandilanda chipewachi. Ndipo mlongo wanu sindileka kumupatsa moni panjira, ayankhe asayankhe, mpaka mmodzi wa ife adzabwere kumeneko. Akayamba kufika ndi iwo, musawakalipire kwambiri. Anakuphikirani sadaka yabwino, anthu onse akutero.

Ndine mwana wanu wokukondani, wachiwiri uja sakumuwerenga,

Amidu