Mawu Amene Sindinawawerengere Bambo

St Mary's, Chitungwiza
17 Ogasiti 1986

Okondedwa Azakhali a Fainess,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko pamodzi ndi ana. Ndine Winifred, mwana wa alongo anu a Hezekiah. Nkhope yanga simuidziwa, koma kalembedwe aka mukukadziwa, pakuti chichitireni ng'ala maso a Bambo, makalata awo ndinkalemba ndi kuwawerengera ndine.

Azakhali, Bambo anatisiya Lachiwiri pa 5 mwezi uno, dzuwa litangopendeka. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira ndipo sichinawasiyenso. Tinawaika m'manda Lachisanu.

Inu munawaona komaliza ali mu yunifolomu ya Keyala, atangobwera kuchokera kunkhondo ya ku Bama. Za nkhondoyo sankakamba. Ndinawafunsapo kamodzi, iwo n'kuti, "Mwanawe, anzanga ena tinawasiya m'nkhalango osawakwirira n'komwe. Usadzandifunsenso." Ndiyesa n'chifukwa chake anayambitsa sosaiti ya maliro ya anthu akwathu kuno. Mtchona akafa wopanda mbale, Bambo ndiwo ankasambitsa mtembo, kukapempha malo kumanda, ndi kulemba uthenga kumudzi kwawo kwa malemuyo. Anachita zimenezi zaka zoposa makumi atatu, kwinaku akugwira ulonda pasukulu. Ngalande za mumsewu mwathu zikatsekeka, ankatuluka ndi fosholo osadikira kansala. Ana onse a m'dera lino ankawaitana Sekuru Soja, kutanthauza agogo asilikali.

Pamaliro anthu anadzaza mpaka kumsewu. Mayi wina Mshona wogulitsa tomato pamsika, Mai Anna, anandigwira dzanja nandipepesa m'chinenero chawo kuti, "Nematambudziko, mwanangu." Kenaka anandiuza zomwe sindinkadziwa. Nthawi ya nkhondo yakuno mwamuna wake anawomberedwa, mtembo n'kukhala panjira tsiku lonse anthu akuopa kuyandikira. Bambo anabwera ndi wilibala, naunyamula masanasana. A Obadiah, mnzawo wa kunkhondo ya ku Bama amene watsala yekha, anaima pamanda atatsamira ndodo, napereka sawatcha.

Tsono pali nkhani imene ikundidya, ndipo ndiyenera kukuuzani inuyo.

Kalata yanu ya mu Epulo inafika. Munalemba za chimanga ndi za mbuzi, ndipo kumapeto munati, "Alongo, tatsala awiri. Bwerani ndidzakuoneni ndisanafe." Azakhali, mawu amenewo sindinawawerenge. Ndinalekezera pa mbuzi.

"Palibenso china?" anafunsa Bambo.

"Palibe, Bambo."

Iwo anati, "Chabwino. Fainess ali ndi zambiri zomutangwanitsa." Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la jekete.

Ndinkawadziwa Bambo. Akanamva mawu aja, m'mawa mwake akanakhala ali pabasi, chifuwa chili chomwecho, pamene panjira ya ku Tete anthu akuphedwa chifukwa cha nkhondo. Ndinadziuza kuti ndikuwasunga, kuti ndidzawawerengera kukafunda. Koma ndisakunamizeni, ndinkaopanso kuti akafika kumeneko sadzabwerera, ine n'kutsala kuno wopanda kholo.

Litatsala tsiku limodzi kuti atisiye, ndikuwamwetsa phala, anandifunsa kuti, "Kodi kwathu amandikumbukirabe?" Ndinayankha kuti inde, kwambiri. Anagwedeza mutu ngati munthu wodziwa kuti akungomutonthoza. Kalata inali pomwepo, m'jekete pa msomali. Ndinaiyang'ana, koma sindinaitulutse. Munthu amene anatumiza mauthenga a anthu ambirimbiri kumidzi yawo wapita osalandira wake, ndipo anamumana ndine.

Choncho musaganize kuti alongo anu anamva kuitana kwanu n'kukana. Sanamve. Akanabwera.

Mayi Esnath a mumpingo mwathu akubwera kumeneko mwezi wamawa. Ndawapatsa mamendulo awiri a Bambo ndi chipewa chawo chakutchalitchi kuti akupatseni. Ngati mungathe, mundilembere za ubwana wawo, ngakhale zing'onozing'ono. Ana anga Chichewa amangomva, kuyankha amayankha m'Chishona, ndipo za kumudzi ndilibe choti ndiwauze.

Amuna anga a Bernard akupereka moni, pamodzi ndi adzukulu anu Albert ndi Easter. A Obadiah akuti mulimbe mtima. Mupereke moni kwa onse pamudzipo, makamaka okalamba amene akuwakumbukirabe Bambo, ngati alipo. Sindikukukakamizani kuti mundikhululukire msanga. Koma mukadzayankha, ngati mudzayankhe, pa envulopu mulembe dzina langa.

Ndine mwana wanu,
Winifred