Funsa Ndikadakumbukira

Lolemba

Madamu 10:12
adadi zandikanika 😭 ndaika foil mu copper sulphate mmene buku lanenera koma zii. ana 58 kungondiyang'ana. wina kumbuyo akuti madamu mwina ndi network

Adadi 10:20
Hahaha. Aluminium imavala jekete la oxide, mwana wanga. Thiramo mchere wa kukhitchini pang'ono. Ana aime patali, botolo litentha.

Madamu 11:35
ZATHEKA!! thovu, kutentha, foil yonse brown. wa network uja ndiye amakuwa kuposa onse

Adadi 11:41
Zaka 31 ndikudya fumbi la choko si masewera.

Amami 11:50
inu awiri gulu ili ndi la banja osati labu

Lachinayi

Adadi 07:05
Watenga makiyi a labu ndani? Fomu 3 ikundidikira.

Madamu 07:31
kkk adadi munapuma ntchito zaka 9 zapitazo

Madamu 07:58
adadi?

Madamu 08:40
amami yankhani foni plz

Amami 13:16
🎤 voisi 0:52
Mwanawe, ndimakubisira, ndikhululukire. Bambo ako lero anamanga tayi n'kupita kusukulu kuja. Mlonda ndi watsopano, sawadziwa, anawakaniza pageti. Wawabweretsa ndi mphunzitsi wina amene anamuphunzitsa kale. Si koyamba. Mwezi watha anasungunula mankhwala a blue opopera tomato mu ndowa yachitsulo. Iwo amene ankatikalipira kuti mankhwalawa amadya chitsulo, tizigwiritsa ya pulasitiki! Sabata yatha ndinapeza paketi yake pambali pa shuga. Ndinaibisa. Akuti ndine wakuba.

Madamu 13:19
mayo ine. kuchipatala munapita?

Amami 13:21
kawiri. adokotala akuti ndi matenda oiwala. akuti sabwerera mmbuyo

Adadi 13:44
Ndamvetsera. Mwaiwala kuti gulu ili ndilimo. Ndiye woiwala ndani apa?

Amami 13:45
bambo ake pepani

Madamu 13:46
adadi ndikuimba

Madamu 13:52
tengani foni chonde

Loweruka

Adadi 09:10
Madamu. Lero mutu wayera, ndiye ndilembe msanga. Mayi ako ananena zoona, anachita bwino kubisa paketi ija. Ndi poizoni. Pageti paja ndinachita manyazi, ndinaima ndi tayi ngati wofuna ntchito.

Adadi 09:14
Usandilire ndili moyo. Chilichonse cha silabasi chimene ukukayika, funsa ndikadakumbukira.

Madamu 09:30
ndili mu bus ndikulira ngati mwana, kondakitala mpaka wandipatsa tissue

Madamu 09:31
ok funso 1. msomali mu copper sulphate

Adadi 09:35
Zimenezo umadziwa uli ndi zaka 10, usandinyengerere. Koma chabwino. Upale msomali uwale. Blue amazilala n'kukhala green wotuwa, msomali umavala copper wa brown. Chitsulo chalanda malo.

Madamu 09:36
nanga ndikathira ammonia mu copper sulphate yekha

Adadi 09:42
Pang'ono: matope a blue wotuwa. Ukaonjeza amasungunuka, pamabwera blue wozama, wokongola kuposa onse mu labu. Diresi la mayi ako tsiku limene ndinawaona koyamba.

Amami 09:44
linali la green

Adadi 09:45
Pamenepo si matenda. Takhala tikukangana zaka 38.

Madamu 09:47
😂😭 ndibwera tikangotsekera

Patapita miyezi inayi, Lachiwiri

Madamu 12:05
adadi funso la lero. siliva mu copper sulphate?

Lachitatu

Madamu 12:10
adadi ndikudikirabe yankho. ana akuti moni kwa agogo a mchere

Amami 15:22
dzulo sanadye. mmawa anandifunsa ngati ndine nesi. foni amangoigwira mmanja, ndawawerengera ma msg ako katatu

Madamu 15:25
ndapempha tchuthi, ahedi avomera. ndifika lachisanu masana

Amami 15:27
bwera. koma ubwere wolimba mtima, chithunzi chako cha pakhoma anachitembenuza akuti sakumudziwa

Lachinayi

Adadi 10:48
Siliva sachita kanthu. Alibe mphamvu yolanda malo a copper. Madzi akhala blue.

Madamu 10:49
ADADI!! eya ndi zoona ❤️ ndikubwera mawa, ndikubweretsereni chani?

Adadi 11:03
Mumafunsa mafunso abwino. Muli fomu yanji?

Madamu 11:20
ndinamaliza sir. pano ndikuphunzitsa chemistry

Adadi 11:26
Mwachita bwino kwambiri. Makolo anu ayenera kuti amanyadira. Mukawapatse moni.

Madamu 11:58
zikomo sir. ndikawapatsa mawa