Kabotolo Kamene Simunapereke

Amayi, kodi kumeneko kwacha bwanji? Ife kuno tilipo, tikukankha. Ndakhalitsa osakulemberani. Nkhani sizikusowa ayi, koma imene ndili nayoyi imandilemera ndikati ndiiyambe, ndiye ndiloleni ndiyambe ndi zopepuka.

Madzi a nyanja afika mpaka pamkuyu paja munkayanika matemba, moti munda wakumunsi wonse wamira. Mpunga takolola wakumtunda wokha, komabe njala sitigona nayo chaka chino. Mdzukulu wanu Tamanda anachira bwinobwino mwezi wathawu, mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndipo akamalira amakweza chibwano ngati mmene munkachitira pokangana ndi ogula nsomba a pa Kachulu. Denga la khitchini yanu lagwa mbali imodzi. Mkamwini wanu, bambo a Tamanda, akuti alikonza. Akuti. Paja munkanena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu ndiye wazika mizu, ngakhale denga lamukanika.

Mukukumbukira chaka chija kunabwera anthu a kafukufuku ndi timabotolo tawo? Ankati m'mimba mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tina tothandiza, tina toyenda limodzi ndi matenda. Ankati anthu ophunzira ali ndi nkhokwe yawo ya m'kompyuta, mmene amasunga zoti kachilombo kakutikakuti kamapezeka mwa odwala nthenda yakutiyakuti. Nkhokweyo inadzaza ndi za anthu a maiko akutali, ife akuno munalibe. N'chifukwa chake ankapempha chimbudzi pang'ono kwa aliyense wofuna. Analonjezanso kuti akapeza magazi kapena njoka, mwini wake adzamuitana kuchipatala. Mudzi wonse unaseka mpaka nthiti kupweteka. Wotolera timabotoloto anali bambo a Tamanda, poti ndiwo mlangizi wa zaumoyo kuno.

Nthawi imeneyo n'kuti mutayamba kale kuonda. Chitenje chinkakuzungulirani mopitirira, ndipo kuchimbudzi munkachedwako. Inu munakana kupereka. Tonse tinangoti mukuopa kulodzedwa, poti ambiri ankanong'ona kuti chonyansa cha munthu sichipita m'manja mwa alendo. Mkamwini wanu anadzipereka kuti akuchotseni mantha. Ankabwera yekha m'mawa, kunjuta kuseri kwa khitchini monga mwa ulemu wake, n'kumafotokoza kudzera mwa ine kuti palibe ufiti, kabotolo adzakanyamula ndi manja ake, sikadutsa kwa munthu wina. Inu mutayang'ana kumbali munkangoti, “Uwauze kuti ndamva.” Ine mpaka ndinapsa mtima, ndinati amayi anga ndi nkhutukumve. A Nagama a kuseri kwa tchalitchi anapereka, anaitanidwa, analandira mankhwala, ndipo mpaka lero akupuntha mpunga. Inu tinakuikani mvula isanagwe.

Tsopano imvani zimene zachitika. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Filesi, anayamba kudwala chimodzimodzi: kuonda komwe kuja, kukankha mbale komwe kuja. A kafukufuku aja atabweranso, amayi aang'ono nawonso anakana kupereka. Mtima wanga unagunda, Amayi, chifukwa njira imeneyi ndinaiyendapo kale ndipo ndikudziwa kumene imathera. Tsiku lina tikupeta mpunga awiriwiri ndinawapanikiza, ndinati sindichoka mpaka andiuze chimene akuopa. Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana ngati ndine chitsiru.

“Iwe mwana, maso uli nawo? Ine chonyansa changa ndikachiike m'manja mwa mkamwini? Munthu woti sindidya akundiona, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire? Ufiti wa chiyani, ife a mvano?”

Kenako anandiuza zanu. Akuti kabotolo kaja munaikamo ndithu. Munakakulunga m'kansalu n'kukabisa kuseri kwa bafa, mukuyembekeza kuti mwina kubwera nesi wamkazi. Koma wobwera anali mkamwini wanu yemweyo, ndi bokosi lake pakaliyala wa njinga, akulonjeza kuti alandira ndi manja ake. Munadikira mpaka a kafukufuku ananyamuka, ndipo kabotoloko munakaponya m'dzenje. Amayi, ndinalira pamphasa pomwepo. Inu munkafuna kuthandizidwa, ife n'kumakutumizirani munthu yekhayo padziko lonse amene simukanatha kumupatsa. Munkakonda kutiuza kuti safunsa anadya phula. Tinadyadi phula, nyumba yonse, ndipo palibe anaganiza zokufunsani pambali. Pali mwambi wina uja woti manyazi anapha lambe, koma umenewo sindingakuponyereni. Anali ulemu umene inunso munaphunzitsidwa.

Nditawafotokozera bambo a Tamanda, anaika manja kumutu. Munthu uja ankakukondani, mukudziwa. Kutacha anapalasa njinga kupita kwa akuluakulu awo, n'kukapempha kuti kuno kubwere nesi wamkazi. Tsiku limene nesiyo anafika, iwo anakwera bwato kupita ku chilumba cha Chisi, ati kukaona ana osalemera bwino, koma cholinga chinali choti apongozi awo asaone ngakhale chithunzithunzi chawo. Amayi aang'ono anapereka mosavuta n'komwe. Atatero, amayi enanso achikulire a m'mudzi muno anatulukira ndi timabotolo tawo m'mipango. Kani sanali inu nokha.

Inenso ndinapereka. Nesi uja anandiuza kuti tizilombo toyamba ta m'mimba mwana amatitenga kwa mayi ake, pobadwa ndi poyamwa. Sindikudziwa kuti tanu tatsala tingati mwa ine patapita zaka zonsezi, koma zinandikhazika mtima pansi pang'ono kuganiza kuti m'nkhokwe ija mwalowamo ndithu, kudzera mwa mwana wanu.

Sipanapite nthawi, amayi aang'ono anaitanidwa ku Zomba. Mu kabotolo kawo anapezamo magazi, ndipo atawaunika bwino anapeza chotupa m'matumbo. Adokotala akuti chikadali chaching'ono, angathe kuchichotsa ndi opaleshoni. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati inunso mukanapulumuka. Anandiyankha mosabisa kuti sangadziwe, chifukwa sanakuonenipo, ndipo nkhokwe yawo ija ikuphunzirabe, siinena za munthu mmodzi. Ndinkafuna anene kuti ayi, kuti ndipume. Sananene, ndipo funsolo ndinabwerera nalo pa minibasi mpaka kunyumba.

Tikunyamuka Lolemba, ine ndiye wokawadikirira. Ufa ndasinja kale, nkhuni ndamanga, matemba ouma ndaika m'jumbo. Koma amayi aang'ono ali ndi mantha. Akuti masiku ano akumakulotani mutaima tsidya la madzi, mutanyamula dengu, mukuwakodola ngati mmene munkachitira popita kudimba muli atsikana. Akuti mkulu akaitana, mng'ono sakana.

N'chifukwa chake ndakulemberani, Amayi. Ndikudziwa kuti mwawasowa, munali ngati chala ndi mkanda. Koma pirirani. Musawakodole. Mukabweranso kutuloko, auzeni kuti abwerere, kunyumba kuli khanda lofuna kusambitsidwa. Inu anakumverani moyo wawo wonse, ine sangandimvere chotero.

Ine mbali yanga ndikulonjeza kuti sindichoka pambali pa bedi lawo. Beseni lawo ndizikataya ndekha, nsalu zawo ndizichapa ndekha, ndipo akakhala chete ndiziwafunsa mpaka anene. Zimene sindinakuchitireni inu ndiwachitira iwo, ndipo ndibwera nawo kunyumba akuyenda ndi miyendo yawo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Rozina