Maukwati a Anthu Osawadziwa

9 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene maso anu savomeranso zilembo zazing'ono. Ndayesetsa kulemba zikuluzikulu. Pa foni sindikanatha kunena zimenezi, chifukwa ndikamva mawu anu ndimangoti zonse zili bwino.

Ine ndili bwino ndithu. Agogo amene ndimawasamala, amayi awo a abwana, nawonso ali bwinoko, kungoti mwendo ndi mkono wakumanja sizigwirabe ntchito. Pakamwa pokha ndiye mpakuthwa. Chionereni kolona yanga amanditchula kuti Sisitere, ndipo ndikamawasambitsa amati manja anga ndi ozizira ngati a munthu wopanda chibwenzi.

Bambo, tsiku lomwe ndinkanyamuka munandilonjezetsa kuti sindidzaphonya Misa ya Lamulungu. Munati mwana wa katekisiti akayamba kujomba, ana a ena mudzawauza chiyani. Chiyambire mwezi wa Julayi sindinapiteko Lamulungu ndi limodzi lomwe. Abwana ndi namwino, ndipo anawasamutsira ku chipatala chakutali. Amanyamuka Loweruka dzuwa likupendeka, n'kubwera Lolemba m'mawa. Agogo sungawasiye okha, chifukwa amatsamwa ngakhale ndi madzi. Nthawi yanga yopuma ndi Loweruka masana basi.

Loweruka lina ndinapita ku tchalitchi masanawo kuti ndikangogwada, ndipo ndinapeza Misa ya ukwati ikuyamba. Bambo wina wa duwa pa jekete anandifunsa ngati ndili wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Manyazi anandigwira, ndinangoloza ndi chala, ndiye anakandikhazika pakati pa azakhali a mkwati. Mumtima ndinati Misa ndi Misa, mwina Mulungu andiwerengera yomweyi. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikupita ku maukwati a anthu osawadziwa. Ndinkakhala kumbuyo, kuseri kwa chipilala, koma kulandira Ukaristiya ndinaleka, chifukwa sindinkadziwa ngati ndili woyenera. Ndikabwerera, agogo ankafunsa ngati mkwatibwi anali wokongola, ndiponso kuti keke yawo ili kuti.

Sabata yatha mayi amene amakonza maluwa a paguwa anandigwira mkono potuluka. Anati akhala akundiona, ndipo akufuna kudziwa ngati ndimabwerera zikwama za alendo kapena pali mwamuna amene ndikumudikira kuti ndidzamuchititse manyazi. Ananditengera kwa Bambo Mfumu, amene anali akuvula zovala za Misa m'kachipinda ka kumbuyo. Ndinafotokoza zonse nditayang'ana nsapato zawo. Anaseka mpaka anavula magalasi, kenako anawauza mayi aja kuti atuluke.

Anandiuza kuti Misa ya Loweruka madzulo imaimira ya Lamulungu, koma ya ukwati wa masana ayi, nthawiyo imakhala isanakwane. Ndinawauza kuti belu la madzulolo ndimalimva ndili pa windo, ndikuwadyetsa agogo. Bambo Mfumu anati, "Mwana wanga, amene akusamala wodwala ndipo alibe womusiyira sanachimwe. Mpingo sufuna kuti agogowo atsamwe iwe uli pa benchi." Anati ndizibwerabe Loweruka masana ndi kulandira, komanso Lamulungu ndiziwerenga Mthenga Wabwino kunyumba. Ndinayesa mawa lake. Agogo, amene si a mpingo wathu, anati ndikweze mawu, Mulungu wa Akatolika mwina ndi wokalamba ngati iwo. Koma anamvetsera mpaka kumapeto.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Kwa ine ayi, chifukwa lonjezo lija sindinalonjeze kwa Bambo Mfumu, ndinalonjeza kwa inu. Lamulungu m'mawa ndikaona anthu akudutsa pa msewu atavala bwino, chakudya sichilowa. Lolemba abwana anandipeza ndikulira pochapa nsalu za pabedi. Sanakalipe. Anati sakufuna kusunga munthu ngati mkaidi, ndipo ngati ndikuchoka ndiwauze mwezi uno usanathe kuti apeze wina. Agogo anamva zonsezi, chifukwa chitseko chinali chotsekula. Tsiku limenelo sananditchule Sisitere, ndipo sanandiseke ngakhale pang'ono. Nditawabweretsera tiyi anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi anati, "Ameneyo wobwerayo udzamuuze kuti supuni isamadzaze."

Ine sindidziwa kutsutsana, Bambo, ndipo mabuku a mpingo mumawadziwa ndinu. Mukati ndibwere, ndibwera, ntchito ina ndidzafuna yosagwira Lamulungu. Abwana akandifunsa ndimati ndikudikira mawu a kunyumba. Sindinawauze zomwe ine ndikufuna, ndipo inunso simunandifunse, choncho sindilemba. Ndingonena kuti chilonda cha pamsana pa agogo chatsala pang'ono kupola, ndipo chimafuna munthu wodziwa kuwatembenuza osawapweteka.

Mundiperekere moni kwa amayi. Muwauze kuti nsapato anandipatsa zija ndimavala, ndipo zavinako m'maukwati ambiri kuposa mwini wake. Moni kwa achimwene ndi alamu, ndi kwa anzanga a kwaya. Akafunsa ngati kuno ndikuimba, muwauze kuti ndimaimba Lamulungu lililonse, pamaso pa munthu mmodzi amene amati ndimathamangitsa nyimbo.

Chonde mundiyankhe msanga, mwezi usanathe. Ngati kulemba kukuvutani, muwauze achimwene alembe, koma mawu akhale anu. Kufikira pamenepo, abwana sindiwayankha kanthu.

Ndine mwana wanu wotsiriza,
amene amakuopani ndi kukukondani.