Muuzeni Zonse za Agogo

Okondedwa amayi,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomopo. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Musamalikakamize, madzi azikutungirani ana. Ine ndili bwino, kungoti nthunzi ya kochapira imandiumitsa kukhosi. Ntchito ndi yomwe ija, kuchapa, kusita ndi kupinda nsalu za m'mahotela mpaka zala kuchita dzanzi.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa chipinda chathu ndi chimodzi, ndipo mzime wanu amamva chilichonse chimene ndikulankhula. Nkhaniyi ndi ya iyeyo.

Kumene amanyamula makatoni kuja kwayamba kubwera azibambo awiri ovala bwino, oseka ndi aliyense. Amaima pageti nthawi yoweruka n'kumagulira anyamata zoziziritsa kukhosi. Akuti akufuna alonda a mafakitale kudziko lina, ndipo ndege, chakudya ndi yunifolomu n'zaulere. Dziko lakelo ndi lomwe tikumva pa wailesi kuti kuli nkhondo. Ndikamuuza zimenezi mlongo wangayu amati nkhondoyo ili kumalire, iwo akakhala mkati.

Mnyamata wa chipinda choyandikana nafe, amene ankatikonzera magetsi, anapita ndi gulu loyamba. Poyamba ankatumiza zithunzi ataima pafupi ndi zigalimoto zikuluzikulu. Kenako anangoti zii. Mkazi wake amangokhala pamasitepe foni ili m'manja, ndipo mwininyumba wayamba kale kuonetsa chipindacho kwa anthu ena. Mayiyu atapita pageti kukafunsa, azibambo aja anamuyankha akumwetulira kuti kumeneko netiweki imavuta.

Amayi, chimene chamukoka mwana wanu si njala ayi, koma agogo, bambo anu. Anawauza azibambowo kuti agogo ake anali kopolo wa asilikali kunkhondo, iwo n'kumusisita paphewa amvekere magazi a msilikali sasochera. Chithunzi cha agogo atavala mendulo wachiika pafoni yake. M'bafa amaimba nyimbo zawo zoguba, ndipo mawu ake ndi omwe aja, okhuthala, onjenjemera kumapeto. Tsiku lina ndinagwetsa kapu poganiza kuti malemu alowa m'nyumba.

Sindikumuda. Iye anawadziwa agogo atakalamba, ali pakhonde ndi gitala wawo wa nsambo zinayi, akukonza maambulera a anthu uku akuimba. Mukukumbukira mmene ankatifoletsera pamzere posamba m'manja, aliyense ndi udindo wake? Ine ndinali sajeni, iye anali woliza lipenga chifukwa cholira kwambiri. Kutchalitchi akayamba besi, ngakhale ogona kumbuyo ankadzuka. Munthu wotero ndani sangafune kufanana naye?

Koma ine ndinaonanso zina. Tsiku limene tayala la lole linaphulika pamsewu, inu muli kumsika, ndinawapeza pansi pa tebulo. Anandigwira mwendo mwamphamvu kuti ndisatuluke, akunditchula dzina la mwamuna amene sindimudziwa. Patapita nthawi anatuluka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kutenga gitala ngati palibe chachitika. Zala zawo zinandisiyira zipsera zimene ndinakunamizani kuti ndi chingwe.

Panalinso nyimbo ija imene ankaisiyira pakati nthawi zonse. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Mdzukulu wanga, nyimbo iyi tinkaimba awiri. Wovomera wake anatsala komweko, ndiye ndiimalize ndi yani?"

Zonsezi ndamuuza mlongo wanga. Anaseka, akuti ndi mantha anga chabe, ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nditamufunsa kuti nanga wamagetsi uja ali dziwe liti, anatuluka osadya.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire Lamlungu lino mukaweruka kutchalitchi, mumuuze za bambo anu. Musamuuze za mendulo, zimenezo akuzidziwa. Muuzeni zimene munkatithamangitsira panja kuti tisamve, zimene agogo aakazi ankakunong'onezani kukhitchini, chifukwa chake bambo anuwo sankafuna kuona nyama ikuphedwa, ndi chifukwa chake sankakhala chofulatira chitseko. Ndikudziwa kuti tinawaika mwaulemu ndipo simufuna kuwavula atagona kale. Koma munthu amene analowa pansi pa tebulo atagwira mdzukulu wake mwendo sangakwiye mutagwira winayu ndi mbiri yake. Ine amanditenga ngati mnzake wolimbirana naye bulangete, koma inu akamva mawu anu amakhala pansi.

Amalume musawauze kaye. Adzamukalipira, ndipo mukumudziwa mwana wanu, ukamukalipira ndiye wamupatsa mapiko.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti mankhwala a maso aja ndawapeza ndipo ndipatsira munthu. Moni kwa amalume, kwa alamu anga ndi ana onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti wayamba kuyenda. Kwa aneba athu a kuseri, ndikuthokoza chifukwa chokuonani pafupipafupi.

Gulu lachiwiri likunyamuka kumapeto kwa mwezi uno. Iye akulumbira kuti sanasaine kalikonse. Koma dzulo anabwera atameta mpala, ndipo m'mawa uno, ndikumanga mpango kuti ndizipita kuntchito, anandifunsa ngati ndikudziwa munthu amene angafune jekete yake ndi nsapato zake za kutchalitchi.

Musadikire Lamlungu ngati mungathe.

Mulungu akusungeni, amayi.

Ndine chisamba chanu,
Sajeni wa agogo