Azakhali anangoti "wanenepa"

Aphungu,

Ndikulemba kupempha thandizo. Mwamuna wanga anamwalira mwezi wathawu, ndipo tsopano ndikuopa kuti nditayanso mwana wanga wamkazi.

Mwanayu ndi wamkulu, amagwira ntchito m'shopu ya mafoni. Chaka chatha anayamba kuopa chakudya. Ankathamanga m'mawa uliwonse, akabwerako n'kumakwera ndi kutsika masitepe a nyumba yosanja imene timakhala, mpaka miyendo kugwedera. Anasiya kusamba kumwezi. Aneba ananong'ona za matenda ena, koma dokotala anati vuto lagona m'maganizo. Amene anamubweza ndi bambo ake. Sankamukakamiza. Ankangokhala naye patebulo n'kumadandaula kuti, "Bwana, tandithandizani dzirali, landikanika. Mukufuna ndiphulike muno?" Iye ankaseka, n'kudya. Pang'onopang'ono thupi linabwerera.

Pamaliro, mlamu wanga, amene ndi azakhali ake, anamugwira masaya anthu akuona. "Koma iwe wanenepa bwino! Ndi masaya awa, mwamuna sachedwa." Ankayamikira ndi mtima wonse. Ine ndinaona nkhope ya mwana wanga ikugwa.

Kuyambira pamenepo nsapato zothamangira zabwereranso pakhomo. Amangomva kuzizira, ndiye amavala jekete la malemu, ndipo m'matumba mwake ndimapezamo buledi wokulungidwa m'pepala. Ndikafunsa amati, "Amayi, musandivutitse, ndadyera kuntchito." Mnzake wa kushopu wandiuza kuti dzana anagwa akunyamula katoni.

Ndimakonda mabuku, ndipo ndawerenga zokwanira kudziwa kuti mtima wa munthu wosadya umatha kungoima. Koma palibe buku limene landiphunzitsa nthabwala za mwamuna wanga. Ndikakhala pampando wake ndimangolira, mwana n'kudzuka mbale osaikhudza. Lamlungu azakhali akubweranso kudzatizonda. Nditani?

E.M., kunyumba zosanja

Mayi,

Pepani ndi imfa ya bambo. Mantha anuwo ndi oona, musawapeputse. Munthu akafika pogwa kuntchito, nthawi yodikira yatha. Mawa lomweli mupite naye kwa dokotala uja, akamuyeze mtima ndi magazi. Mupemphenso mlangizi wa za maganizo, wa iye ndi wa inu nomwe. Pomuuza za ulendowu musatchule za thupi lake. Nenani zimene mwaona: mwapeza buledi m'jekete, mwamva kuti anagwa, ndipo mukuopa.

Azakhali aimbireni foni Lamlungu lisanafike. Mtima wawo sunalakwe, analakwa ndi mawu. Kwa ambirife "wanenepa" ndi kuyamikira, koma kwa wodwala matendawa zimamveka ngati amupeza ndi mlandu. Auzeni mosabisa kuti m'nyumba mwanu za thupi la munthu sizikambidwa, kaya moyamikira kaya moseka. Akafuna kumusangalatsa, angonena kuti "ndinakusowa". Akanyanyala, asiyeni, adzabwera okha.

Musadzivutitse kukhala bambo ake. Mwanayu akufuna mayi amene amakhala naye patebulo nthawi yofanana tsiku lililonse, n'kumadya. Ndikukayika ngati inuyo mukudya bwino masiku ano. Misozi ikabwera, muuzeni kuti mukulira bambo, osati mbale yake, chifukwa naye akulira, kungoti m'njira yake. Nsapato musamubisire. Zoletsa kuthamanga anene ndi dokotala, kuti nkhondoyo isakhale pakati pa inu awiri.

Koma chenjerani. Mawu oti "ndadyera kuntchito" musamawakhulupirire, komanso musamutche wabodza, ndi matendawo akulankhula. Akagwanso, akamva chizungulire, kapena akati mtima ukugunda mosokonekera, musadikire kuti avomere. Mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akukalipireni njira yonse. Akakwiya nanu ali moyo, mudzapepesana.

Aphungu